Mcenga wa ku Dubai na ndalama za okondana a mu Lusaka

Mwezi watha ninakhalako mu komiti ya cikwati ca msuweni wanga. Aliyense wokhala mu Lusaka aidziwa nchito imeneyi: gulu la pa WhatsApp, mndandanda wa malonjezo, na msungicuma amene amakumbutsa anthu m'mawa na madzulo monga wokhometsa msonkho. Titafika pa bajeti, pansi pa holo, keke, madekoleshoni na ojambula, panali mzele wina wolembedwa mwacidule kuti Dubai. Akwati anafotokoza kuti ni ulendo wa masiku anayi, ndipo tsiku lacitatu ni la ku cipululu. Motoka idzawatenga pa hotela, idzakwela nawo mapili a mcenga, ndiyeno adzadya cakudya ca madzulo awili-wili pansi pa nyenyezi.

Anti athu ena, amene anaphunzitsa zaka zambili ku Mongu, anavula magalasi n'kuyang'ana akwati aja. Ati iwo ku Mongu mcenga unali kuwalowa mu nsapato, mu nsima na m'maso, ndipo palibe tsiku limene munthu anawalipilitsa olo ngwee imodzi. Manje ana a masiku ano afuna kukhala mu ndeke maola seveni kuti akapeleke madola cifukwa ca mcenga? Anthu anaseka maningi, koma mzele uja palibe anaufafaniza tsiku limenelo.

Funso la anti lifunika yankho labwino, cifukwa mzele umenewu sulinso wa apamwamba a ku Kabulonga okha. Tsegulani Facebook kukatsala milungu yocepa kuti ifike Valentine kapena holide ya December. Mudzapeza maejenti a maulendo akupikisana: tikiti, visa, hotela, kukwela Burj Khalifa, na cimene amacha desert safari. Cithunzi coika patsogolo cimakhala cimodzi-modzi. Mkazi wavala dilesi itali youluka na mphepo, mwamuna wamanga kansalu kumutu monga Mwarabu, kumbuyo kwao kuli Land Cruiser yoyela, ndipo dzuwa lili pafupi kulowa. Amene amafunsa mitengo pansi pa zithunzi izi ni manesi, aphunzitsi, anyamata ogulitsa mafoni mu Katondo Street, na azimai amene amaoda zovala. Ni anthu amene ndalama yawo ili na nchito kale isanalowe mu akaunti. Conco tiyeni tione bwino-bwino cimene cigulitsidwa.

Maola sikisi, khomo na khomo

Ca m'ma 15:00 dilaiva amafika pa hotela na Toyota Land Cruiser. Motoka imeneyi imanyamula alendo sikisi, kutanthauza kuti mukagula tikiti wamba mudzakhala pamodzi na anthu ena anayi amene simuwadziwa. Mumayenda pa tala mphindi 45 kapena ola lathunthu, nthawi zambili kuloza ku Lahbab, pa msewu wopita ku Hatta, kumene mcenga ni wofiila ndipo mapili ake ni atali. Kumapeto kwa tala kumakhala mashopu. Apa dilaiva amacotsako mpweya m'matayala mpaka kutsala pafupi-fupi theka, kuti tayala itambasuke pansi n'kumayenda pamwamba pa mcenga m'malo motitimila.

Kucoka apo ndiye kumabwela zija anthu amakuwa nazo m'mavidiyo. Motoka zimalowa m'cipululu mondondozana. Dilaiva amakwela phili la mcenga na liwilo, akafika pamwamba amapendeketsa motoka cam'mbali, n'kutsetseleka nayo uku mcenga ukumwazika pa mawindo. Amene wakhala mpando wakumbuyo kweni-kweni ndiye amaimva bwino nkhani, cifukwa mutu umagunda denga. Zimatenga mphindi 20 mpaka 45, malinga na tikiti imene munagula. Dzuwa likatsala pang'ono kulowa, motoka zonse zimaima pamalo okwela kuti anthu ajambule. Cithunzi ca pa status cimabadwila apa.

Mdima ukayamba mumafika pa msasa. Ni bwalo lozingidwa na mpanda, makapeti oyala pa mcenga, matebulo afupi-afupi, mapilo okhalapo, na pulatifomu pakati. Amakulandilani na khofi wa Ciarabu na madeti. Pali ngamila yokwela mphindi ziwili kapena zitatu, pali mai wolemba henna pa manja, pali shisha. Cakudya ni cotapa wekha: nkhuku na nyama ya nkhosa zoocha, mpunga, buledi wopyapyala, hummus, saladi, na tuvitumbuwa tozungulila tothila uci wa madeti tumene amatucha luqaimat. Mukudya, ovina amasinthana pa pulatifomu, ndipo wothela amaseweletsa moto. Ca m'ma 21:00 kapena 21:30 muli pa khomo la hotela, nsapato zodzala mcenga.

Mawa lake, pa nthawi imodzi-modzi, motoka mahandiledi zidzacitanso cimodzi-modzi na anthu ena. Apa m'pamene pali cinsinsi ca bizinesi iyi.

Cimene amagulitsa ni dongosolo

Dubai anapeza mafuta mu 1966, koma anali ocepa poyelekezela na a Abu Dhabi. Olamulila ake anaona msanga kuti citsime cidzauma, conco anaika ndalama pa doko, pa bwalo la ndeke na pa alendo. Kampani ya ndeke ya Emirates inayamba mu 1985. Lelo mafuta ni kagawo kocepa cabe ka cuma ca mzindawu. Mu 2024 Dubai analandila alendo ocokela kunja okwana 18.72 miliyoni. Caka cimeneco Zambia yonse, na Mosi-oa-Tunya, na Luangwa, na Kafue, inalandila alendo opitilila pang'ono 2 miliyoni, ndipo tinakondwela kuti tacita bwino.

Mzinda umene ulibe mtsinje, ulibe nkhalango, ulibe mkango wa m'thengo, unayang'ana cimene uli naco kuseli kwa nyumba n'kucikonza kuti cigulike. Unaika nthawi yonyamukila, nthawi yofikila, mtengo wodziwika, cakudya, na malo oimilila pojambula. Makampani a maulendo amafunika laisensi ya boma la Dubai, ndipo dilaiva wonyamula alendo m'cipululu amafunika cilolezo capadela kuwonjezela pa laisensi wamba. Mlendo safunika kudziwa njila, cinenelo, olo dzina la cimene akudya. Amangotsika pa lifiti ya hotela pa nthawi imene anauzidwa.

Munthu wa mu Lusaka cinthu ici amacimva mumtima kuposa mzungu. Kumbukilani 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Tinazolowela kuphika usiku pakati, kuchaja foni ku nchito, na kuyembekezela basi imene siinyamuka isanadzale. Kwa munthu wotele, maola sikisi amene ciliconse cicitika pa nthawi yake, popanda kukangana na munthu, ni cinthu ca mtengo pacokha.

Kwa akwati pali cina cowonjezela. Miyezi yonse yokonzekela cikwati, awiliwa sakhala ao-ao. Pali alangizi, pali cilanga mulilo, pali kicheni pate, pali komiti, pali acibale ocokela ku Chipata na ku Kitwe ogona pa sitingi lumu. Aliyense ali na maganizo pa dilesi, pa nyimbo, na pa amene ayenela kukhala ku tebulo yapamwamba. Pamwamba pa phili la mcenga ku Lahbab palibe amene awadziwa. Mkazi saphikila munthu, mwamuna saitanidwa kuti akatenge amalume ku Intercity. Amene amaseka okondana ogula ulendo uwu aziyamba wavomela kuti njala imeneyi ni yeni-yeni.

Njila nayo inatseguka kudala. Kuyambila February 2012, Emirates imauluka kucoka Dubai kufika Lusaka n'kupitilila ku Harare. Oyamba kuidziwa bwino njila iyi anali amalonda okaoda mafoni, mapafyumu, zovala na masipeya a motoka. Iwo ndiwo anabwela na zithunzi zoyamba za ngamila, atapatula madzulo amodzi pakati pa kuoda katundu. Maejenti anaona kuti cithunzi cija cikoka anthu kupambana katundu, ndiye anayamba kucigulitsa paceka.

Mtengo wa pa pepala na mtengo wa m'thumba

Ndalama ya kumeneko, dirham, inamangilizidwa ku dola ya America. Kuyambila 1997 dola imodzi ni madirham 3.67, ndipo siisuntha. Conco olo ejenti akuuzeni mtengo mu kwacha, dziwani kuti mukugula cinthu ca madola. Tiyelekeze kuti ulendo wa ku cipululu ni madirham 200 munthu mmodzi, umene ni mtengo wapakati pa maulendo wamba. Anthu awili ni madirham 400, pafupi-fupi madola 109. Mu 2013, kwacha yatsopano itangobwela, dola inali pa K5 na cakuti, conco madzulo amenewo anali osafika K650. Kumapeto kwa 2024 dola itapitilila K27, madzulo amodzi-modziwo anafika pafupi na K3,000. Mcenga sunasinthe, nkhuku siinakule. Kwacha inapezako mphamvu mu 2025, koma wolipila pang'ono-pang'ono kwa miyezi sikisi azifunsa ngati mtengo wake ni wokhomelela kapena udzayenda na dola.

Ndipo kaulendo ka ku cipululu ndiko kocepetsetsa pa bilu yonse. Tikiti ya ndeke yopita na kubwela ni madola mahandiledi angapo munthu mmodzi. Mzambia wa pasipoti wamba afunika visa yolipila asananyamuke, pamene nzika za maiko a ku Gulf zimalowa muno popanda visa kuyambila kumapeto kwa 2022. Pa hotela pali kamsonkho ka alendo kolipila pa cipinda usiku ulionse, ndipo pa zogula pali VAT ya 5 pelesenti kuyambila 2018. Mukaphatikiza zonse, kuti mukafike pa phili lija mwalipila kale kuwilikiza kambili-mbili mtengo wa phili lenilenilo.

Manje tiyeni ku mau akuti cakudya ca anthu awili, amene amakometsa pepala la malonda. Pa tikiti yochipa, anthu awiliwo ni inu, koma pa msasa pali anthu mahandiledi. Cakudya mumaimila pa mzele na mbale m'manja, ndipo m'misasa yambili mzele wa amuna ni wina, wa akazi ni wina. Mukafuna tebulo yanu-yanu na munthu wokubweletselani cakudya, mumawonjezela ndalama. Mukafuna motoka ya awili cabe, mumalipila mipando yonse sikisi. Cakudya ca awili ceni-ceni, ca tebulo imodzi pakati pa mcenga, makandulo na wophika wanu, ciliko ndithu, koma mtengo wake umawelengedwa m'masauzande a madirham. Cithunzi ca pa pepala kambili cimatengedwa ku ulendo wodula, pamene mtengo wolembedwa pansi pake ni wa ulendo wa gulu.

Maulendo ochipitsitsa ali na njila yawo yobwezela ndalama. Ena samakutengani pa hotela, amakuuzani kuti mukakwele basi pamalo akuti-akuti. Kuseweletsa motoka pa mcenga kumafupikitsidwa. Pa mashopu paja pocotsela mpweya m'matayala mumakhalitsa, uku anyamata akukumangani kansalu kumutu musanafunse mtengo, ena akukuitanilani ku njinga zamoto za mawilo anayi. Kujambulitsa na kabawi pa dzanja ni ndalama. Shisha yobweletsa pa tebulo ni ndalama. Mowa, kumene uliko, ni ndalama ina. Wa mu Lusaka sayenela kudabwa, ni nzelu imodzi-modzi na ya wogulitsa amene amakuchipitsila foni n'kukudulitsila chaja. Vuto ni yakuti uli na mkazi wako watsopano pambali, ndipo kukana pamaso pake kumalemela.

Ndalama imene mwapeleka mu Lusaka imadutsa m'manja ambili. Ejenti wa kuno amagula kwa wogulitsa wa ku Dubai, amene amapatsa kampani ya msasa, imene nthawi zina imaitana dilaiva wa motoka yake-yake. Aliyense amadyapo. Madilaiva ambili ni anthu obwela ocokela ku Pakistan, India na maiko ena, cifukwa eni dziko ni pafupi-fupi munthu mmodzi pa anthu khumi alionse okhala mu United Arab Emirates. Cinthu cikalakwika pa mcenga, ejenti wa kuno amakhala kuti sanamuonepo dilaiva ameneyo cibadwile.

Olo mwambo umene amaonetsa ni wosakaniza. Gule wa mwamuna wozungulila na siketi ya mitundu-mitundu, wochedwa tanoura, kwao ni ku Egypt. Gule wa mkazi wogwedeza ciuno nayenso anabwela kucokela ku Egypt na maiko ena a kumpoto. Eni dziko gule wawo ni ayyala, wa amuna oimilila m'mizele iwili atanyamula tundodo, ndipo UNESCO inamulemba pa mndandanda wake mu 2014. Zili monga kutenga mlendo kupita naye ku Katete n'kumuonetsa rhumba ya ku Congo, iye n'kubwelela kwao akukamba kuti waona Kulamba. Palibe colakwa kukondwela na gule, koma tisabwele tikuphunzitsa anzathu mwambo wa Aarabu titaona konsati ya alendo.

Zimene pepala silikamba

Coyamba ni thupi. Makampani eni ake amaletsa mai woyembekezela kukwela motoka yoseweletsa pa mcenga, cimodzi-modzi odwala msana, khosi kapena mtima. Kwa akwati atsopano iyi si nkhani yoseka, cifukwa mimba ya milungu yocepa siioneka ndipo dilaiva sadzafunsa kawili. Uzani kampani pasadakhale, ambili amakhoza kukupelekani ku msasa pa njila yosalala. Musadye kwambili masana, cifukwa ambili amasanza. Njinga zamoto za mawilo anayi zija amakusainitsani pepala lakuti mukavulala ni zanu, ndipo inshuwalansi zambili za paulendo sizilipila ngozi ya pa maseŵela otele. Cipatala ca ku Dubai munthu wopanda inshuwalansi cingamugulitsitse puloti.

Caciwili ni lamulo. Kuyambila kumapeto kwa 2020, dzikolo linaleka kuona ngati mlandu mwamuna na mkazi osakwatilana kugona nyumba imodzi, conco otomelana sakufunsidwanso setifiketi ya cikwati monga kale. Koma kupsompsonana na kugwilana mopitilila pa gulu kukali kokhoza kukugwetselani m'mavuto. Kujambula munthu wina popanda cilolezo cake n'kumuika pa intaneti ni mlandu, ndipo ise a Facebook Live tifunika kucimva bwino ici. Pa mwezi wa Ramadan misasa yambili imacepetsa zovina-vina na mowa, conco funsani deti musanalipile.

Cacitatu ni nyengo. Kuyambila June mpaka September kutentha kumapitilila madigili 40, ndipo iyi ndiyo nthawi imene mahotela amatsitsa mitengo. Mukaona ulendo wochipa modabwitsa mu July, pamene kuno tili m'majuzi, dziwani cifukwa cake. Nyengo yabwino ni kuyambila November mpaka March, ndipo mu December na January usiku wa m'cipululu umazizila ndithu, dilesi youluka ija imafuna juzi pamwamba.

Cipululu naco cimalipila. Matayala amapondeleza tuzomela tumene tumagwila mcenga, ndipo madokotala a nyama ku Dubai akhala akupeza mitolo ya mapulasitiki m'mimba mwa ngamila zakufa. Ndiye cifukwa cake boma linapatula malo monga Dubai Desert Conservation Reserve, okwana masikweya kilomita 225, amene anakhazikitsidwa mu 2003. Mmenemo mumaloledwa makampani ocepa cabe, motoka zimayenda pa njila zoikika, ndipo mlendo amaona mphoyo zoyela za ku Arabia zimene zinatsala pang'ono kutha pa dziko. Mtengo ni wokwelelapo, koma wofuna bata kuposa kukuwa angakonde kumeneko.

Nkhongole imatsala ndeke ikatela

Apa ndiye pali nkhani ikulu kwa ise a mu tauni. Bungwe la JCTR, limene limawelengela mwezi na mwezi ndalama zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, linaonetsa kuti mu 2024 mtengo wa zofunika unapitilila K10,000 pa mwezi. Anchito ambili salandila ndalama imeneyo. Koma pa foni pali loni ya mphindi ziwili, ku nchito kuli loni yodula pa malipilo, mu komboni muli kaloba, ndipo maejenti ena amalola kulipila pang'ono-pang'ono. Zitseko zonse zobwelekela n'zotsegula, ndipo cithunzi ca mnzako wa ku sekondale cili pa status.

Palibe lamulo lakuti wosauka asaone dziko. Ndalama ni yanu, ndipo banja limene lasunga mu cilimba caka cathunthu kuti likaone kumene silinafikepo lacita cinthu cabwino. Cimene cifunika kuyang'anitsitsa ni kusiyana kwa nthawi. Ulendo wa ku cipululu ni maola sikisi, loni ya pa malipilo ni miyezi 12, 24 olo 36. Banja latsopano limayamba na lendi, mbaula, matilesi, mwina na mwana m'njila. Kuyamba ukwati na malipilo odulidwa kale cifukwa ca madzulo amodzi kumabweletsa mkangano umene alangizi sanaphunzitseko. Ndipo ngati ndalama yacokela ku komiti, ndiye kuti amalume amene anagulitsa mbuzi kuti asonkheko alipilila ngamila imene sadzaiona.

Palinso akuba. Peji ya pa Facebook yokhala na zithunzi zokongola siitanthauza kuti pali ofesi. Musanatumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu, funsani ngati kampani inalembetsedwa ku PACRA ndiponso ngati ili na laisensi ya Zambia Tourism Agency. Pitani mukaone khomo lawo. Tengani lisiti yolembedwa zonse zimene mwagula. Zinthu zikavuta, CCPC imalandila madandaulo a ogula, koma iwonso amafuna pepala, osati mau a pa foni.

Mcenga ulinso pafupi

Tibwelele kwa anti a ku Mongu, cifukwa mfundo yawo ili na mafupa. Wofuna cipululu ceni-ceni safunika kuwoloka nyanja. Ku Namibia, kumene Mzambia amalowa popanda visa kudzela pa mlatho wa Katima Mulilo ku Sesheke, kuli cipululu ca Namib. Kucokela ku Walvis Bay, doko limene oitanitsa motoka ambili a kuno alidziwa, motoka za mphamvu zimatenga alendo kupita ku Sandwich Harbour, kumene mapili a mcenga amatsikila m'nyanja ya Atlantic. Dilaiva amayendela nthawi ya mafunde, cifukwa madzi akakwela njila ya m'mbali mwa nyanja imatsekeka. Pakati pa ulendo amayala tebulo pa mcenga, cakudya copepuka na vinyo. Ni malonda amodzi-modzi na a ku Dubai, ndipo munthu angafikeko pa msewu.

Muno mwathu, mcenga umene unali kuvutitsa anti ni wa Kalahari. Ukawoloka cigwa ca Barotse pa msewu wa Mongu kupita ku Kalabo, umene unatsegulidwa mu 2016, umafika ku Liuwa Plain. Kumenekonso dilaiva amacotsako mpweya m'matayala asanalowe, ndendende monga ku Lahbab. Kusiyana kwake n'kwakuti mvula ikayamba mu November, kutsogolo kwa motoka kumakhala nyumbu masauzande. Land Cruiser yotsegula pamwamba, cakumwa dzuwa likulowa, cakudya pansi pa nyenyezi: ku South Luangwa na ku Lower Zambezi akhala akucita zimenezi zaka makumi.

Nanga n'cifukwa ciani nesi wa ku Chilenje aidziwa mitengo ya ku Lahbab koma ya ku Liuwa saidziwa? Cifukwa zathu zinakonzedwela munthu wina. Malo ambili ogona m'mapaki amalemba mitengo m'madola, mahandiledi angapo munthu mmodzi usiku umodzi, ndipo malonda awo amayang'ana ku London na ku New York. Zoona, nzika imalipila zocepa pa geti ya paki, ndipo malo ena amatsitsa mitengo kwa okhala muno m'nyengo ya mvula. Koma uyenela kukhala na motoka yako, kudziwa njila, kutumila foni anthu atatu, na kupempha masiku ku nchito. Ku Dubai umangotsika pa lifiti.

Kuti tingakwanitse, umboni uli ku Livingstone. Boti ya pa Zambezi ya madzulo ili na zonse zimene desert safari ili nazo: amakutenga pa lodge, nthawi ni yodziwika, mtengo ni umodzi, cakudya na cakumwa zilimo, dzuwa limalowa pa nthawi yake, ndipo mvuu sizilipilitsa cithunzi. Ndiye cifukwa cake okondana a mu Lusaka amaidziwa ndipo amaigula. Funso n'lakuti mu Lusaka mweni-mweni, mzinda wa anthu mamiliyoni, cofanana naco cili kuti. Lusaka National Park inatsegulidwa mu 2015, ili kuseli kwa Leopards Hill Road, ndipo muli nyamalikiti, mbidzi na ana a njovu amasiye amene amaleledwa mmenemo. Munthu wa nzelu za malonda atagwilizana na oyang'anila paki, n'kuika motoka yaukhondo pa Manda Hill kapena pa East Park pa Ciwelu ciliconse 14:00, mtengo umodzi wa mu kwacha, nyama yoocha na cikanda pothela, na wojambula wodziwa nchito, angasowe makasitomala? Cimene cisowa si nyama olo dzuwa. Ni munthu wofika pa nthawi imene analonjeza, Ciwelu na Ciwelu, mpaka anthu amukhulupilile.

Kwa amene mtima uli kale ku Dubai, pitani, koma funsani ejenti mafunso awa ndipo mayankho alembe. Adzatitenga pa hotela kapena tidzakwela basi? Mu motoka tidzakhala angati? Kuseweletsa motoka pa mcenga ni mphindi zingati? Cakudya ni ca pa mzele kapena ca pa tebulo yathu? N'ciani cimene tidzalipila tikafika? Kampani ya ku Dubai imene idzatinyamula dzina lake n'ndani? Ejenti woona amayankha mosavuta. Amene ayamba kukalipa kapena kukufulumizitsani kuti mipando itha lelo, mwadziwa kale.

Komiti yathu inakumananso pa Sondo yotsatila. Tinagwilizana kuti ndalama za malonjezo zithele pa cikwati, ndipo Dubai icoke pa bajeti ya acibale. Akwati sanakondwele poyamba, koma anakhala pansi n'kuwelengela okha. Alowa cilimba, ndipo akonza zopita akakwanitsa caka m'banja, m'nyengo yozizila ya kumeneko, na ndalama yawo-yawo. Anti anavomeleza, koma anaika lamulo limodzi: pobwela asakutumule nsapato, afuna akayelekezele mcenga umenewo na wa ku Mongu.